Pansi pa Msawu

Chaka chimene ndinalowa ntchito
kampani yonse inali matebulo awiri
ndi fani yolira ngati chigayo,
kuseri kwa golosale ku Bangula.
Chikwangwani chinkati Kafukufuku ndi Uphungu,
koma oima pamenepo anali mbuzi zofuna mthunzi.

Anandituma ku Makhanga, mafomu makumi awiri m'chikwama,
kukafunsa anthu zimene madzi anawalanda.
Dzuwa la Novembala linandiponda paliwombo.
Nditayenda makomo asanu ndi atatu, miyendo inakana.
Ndinakhala pansi pa msawu
n'kubereka mabanja khumi ndi awiri ndi bolopeni.
Ndinawapatsa ana, nkhuku, matumba a mapira,
wina ndinamugulira njinga,
winayo ndinati ng'ombe zake zinapita ndi madzi.
Pofika madzulo mudzi wanga unali utadzaza.

A Alufandika anawerenga mosathamanga,
magalasi ali pansonga ya mphuno.
"Mayi Fulukiya ali ndi nkhuku zisanu ndi ziwiri.
A Zuze, zisanu ndi ziwiri. Awanso chimodzimodzi.
Kodi nkhuku za ku Makhanga zimapangana?"

Ndinadikira kalata yondichotsa.
Iwo anapisa m'thumba la malaya
n'kutulutsa ndalama ya bwato, ya anthu awiri.
M'mawa tinaoloka pa Mtayamoyo,
chikwama changa chili paphewa pawo.
Khomo ndi khomo: ine kufunsa,
iwo phee kumapeto kwa mphasa.
Mayi wina anakakamira pa funso la nambala ya ana.
Anati anayi.
Kenako anabweza, atatu,
maso ali kumtsinje.

M'bwato a Alufandika anayankhula kamodzi kokha:
"Atatu amene aja sukanawapeza pansi pa mtengo."

Lero tapitirira makumi atatu.
Tinasamukira ku Nchalo, komwe phulusa la nzimbe
limalowa pawindo n'kutera pa malipoti.
Mafomu analowa m'matabuleti.
Lachisanu timakhala pakhonde, tiyi ndi mbatata,
ndipo woyamba kuulula chimene waphonya sabata imeneyo
amakhala wamkulu wa tonse.
Thengo, dalaivala wathu, amabweza bajeti
ikaiwala kuti msewu wa matope umamwa mafuta,
ndipo timaikonza.
Alendo a ku Lilongwe akaponya funso,
a Alufandika, atakhala mpando wa kumbuyo,
amandiloza ndi chibwano.
Tsiku loyamba ndinachita chibwibwi, thukuta kamukamu.
Sanandilanditse.
Anadikira mpaka mawu anga atapeza miyendo.

Dzulo usiku kompyuta inandionetsa kadontho:
makomo khumi, malo amodzi,
lililonse mphindi zitatu zokha,
cha ku Ngabu, pomwe mapu akuonetsa mtengo uli wokha.
Ndi Ndaziona, wolowa chaka chino,
amene akalonjera m'Chisena ngakhale wokana amatulutsa mpando,
amene mumtima ndinamulemba kale
kuti adzatsogolera gulu la ku Nsanje.

Kalata yochotsa munthu si yovuta.
Ili m'kompyuta momwemo, imangosowa dzina.
Ndinaitsegula.
Ndinalemba N.
Udzudzu unkandiimbira m'khutu,
magetsi anathima, anabweranso.
Ndinakumbuka nkhuku zanga zisanu ndi ziwiri
zimene mpaka lero sizinaikire dzira.
Ndinafufuta N uja.
Ndinawerenga za m'thumba:
ya minibasi, ya kabaza, anthu awiri,
yotsalayo ya madzi akumwa.

Wafika m'mawa uno maso ali pansi,
mawu opepesa atawakonza kale panjira.
Ndamuuza kuti awasunge, dzuwa likukwera.
Pageti a Alufandika atiyang'ana pamwamba pa magalasi,
sanafunse kanthu.

Ndanyamula chikwama chake.
Sindinkadziwa kuti chimalemera chonchi.